Amalume, Tambala Adzalandira Ndani?

Senga Bay,
Salima.
Pa 9 Juni.

Okondedwa Amalume,

Ndayamba ndi kugwada, ngakhale simukundiona. Muli bwanji ku Nchaloko? Bondo lija linasiya kukuvutani? Nanga azakhali ndi ana onse ali bwanji? Kuno tili moyo. Mlongo wanu chifuwa chija chinatha, tsopano akudandaula za mwera basi, akuti chaka chino ukulowa mpaka m'mafupa.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Ndaipatsira dalaivala wina wa galimoto yakeyake amene akudutsa kwanuko popita ku Nsanje. Ndikudziwa kuti mukangomva zimenezi mupsa mtima, muti taonani, ndi kalata yomwe ikuchita kubwera ndi dalaivala. Ipsani ndithu, koma muiwerenge mpaka kumapeto.

Amayi andiuza mawu amene munatumiza. Akuti pachinkhoswe changa ndi Happy simubwera. Akuti simungaime pamaso pa akwawo a Happy a ku Chinguluwe n'kulandira tambala m'malo mwa mwana amene amaswera poimika magalimoto ndi madalaivala. Amalume ake a Happy nawo anenetsa kuti popanda kumva pakamwa panu, chinkhoswe cha Loweruka lomaliza la Julayi palibe. Atipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno.

Choncho banja langa lili m'manja mwanu. Happy ndimamukonda, Amalume, ndipo sindichita manyazi kukuuzani. Koma sindikulemberani molira ayi. Ndikufuna mumve zimene ndimachita poimika magalimotopo, kuchokera kwa ine mwiniwake.

Ndiyambe ndi tchimo langa, lichoke. Ntchito yokonza zipinda ku loji ija, imene munandipezera pochita kukagwadira abwana anu akale, ndinaisiya mu Okutobala chaka chatha. Sanandichotse, ndinalemba ndekha kalata yotsanzika. Mutabwera pa Khirisimasi n'kundipeza ndili mu yunifomu, yunifomu imene ija ndinabwereka kwa mnzanga Sharon. Ndinkachoka m'mawa ngati ndikupita kuntchito, inu n'kumandiyamikira pakhonde kuti mwana uyu ndi wolimbikira.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ndinakunamizani m'maso muli gwa, ndipo ndikupepesa. Amayi musawakalipire, ndinachita kuwapempha kuti asanene. Koma pepani yanga ndi ya bodza lokhalo. Za kusiya ntchitoyo sindipepesa, ndipo mumva chifukwa chake.

Mukukumbuka tchuthi chija ndinadzakhala kwanu ku Chilinde, muli dalaivala ku Lilongwe? Loweruka lililonse m'mawa munkatsuka chitseko cha galimoto ndi sopo ndi mandimu, kwinaku mukung'ung'udza. Munkati abwana agulanso nsomba ku Salima, azimangirira pagalasi la m'mbali, madzi ake ayenderera chitseko chonse. Munkati Lolemba akamva fungo, wolakwa amakhala dalaivala. Ine ndinkangoseka, osadziwa kuti mukundiphunzitsa bizinesi.

Ku loji, zenera la chipinda chochapira linapenya poimika magalimoto. Sabata ndi sabata kumabwera anthu a misonkhano ochokera ku Lilongwe. Amafika Lolemba, amanyamuka Lachisanu akadya chamasana. Aliyense amafuna akafike kwawo ndi chambo, chifukwa munthu wochokera kunyanja chimanjamanja kunyumba samulandira bwino. Ndiye amaima pamsewu, amagula mothamanga, n'kumangirira pagalasi ndi mlaza monga mwa kale. Maola awiri nsomba ili padzuwa, fumbi ndi utsi zikuithira. Ikafika kunja yauma gwa, m'kati yafewa.

Zaka zitatu ndinaziona zimenezi ndikusita mashiti a bedi. Tsiku lina ndinangodzifunsa kuti kodi anthu onsewa, ophunzira chonchi, palibe amene zimamunyansa? Ndinaona kuti zimawanyansa onse, kungoti aliyense anazolowera. Pamenepo m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, ndipo sunaimenso.

Poyamba ndinalakwitsa zedi. Ndinkaganiza kuti wogula ndi bwana. Ndinavala bwino, n'kukaima pakhomo la chipinda chodyera cha hotela ina, chambo chili m'beseni, ndi mpunga womwe, ndi mphasa ziwiri, ndi tomato. Ndinkafuna ndigulitse zonse kwa onse. Mabwanawo ankangondidutsa ali pafoni, mpaka mlonda anabwera kudzandithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'khitchini.

Ndinakakhala pansi pa mtengo poimika magalimoto, misozi ili lengelenge. Pamenepo panali madalaivala akusewera bawo. Mmodzi wachikulire, a Christopher a ku Kawale, anandifunsa chimene chandivuta. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwana iwe, bwana sasankha poima, akangokwera amagona. Anati woimitsa galimoto ndi dalaivala, ndipo zikanakhala za iwo sakanaima n'komwe, chifukwa chitseko amatsuka ndi iwo.

Ha! Amalume, zinali ngati ndikumva mawu anu. Ogulitsa onse amathamangira munthu wa tayi, pomwe wovutika ndi nsombazo wakhala pansi pa mtengo sabata yonse, palibe womufunsa. Ndinawafunsa a Christopher kuti nditabweretsa nsomba yoti ilowe m'galimoto osanunkha, osadontha, angaime pamsewu? Anati ndikatero andigulira fanta.

Vuto linali chotengera. Mabokosi osungira ayisi aja ndi odula, ndipo bokosi likapita ku Lilongwe silibwerera. Ndinayesa ndowa, ayisi anasungunuka tisanafike ndi pa Salima pomwe. Kenako ndili m'tauni ndinaona bambo wogulitsa ayisi atakwirira mabuloko ake mu utuchi, dzuwa likuswa mtengo koma osasungunuka. Utuchi kwathu kuno ndi wosowa. Koma ku Lifuwu, kuseri kwa chigayo cha mpunga, kuli mulu wa mankhusu wotalika kuposa nyumba, amangowotcha. Ndinakwera kabaza tsiku lomwelo. Mwini chigayo anandiyang'ana ngati wamisala, anati tenga, ukafuna ubwere ndi ngolo.

Ulendo woyamba ndinathira nsomba, ayisi ndi mankhusu pamodzi m'dengu. Kalanga ine! Sabata yotsatira a Christopher anabwera nkhope ili yakugwa. Anati akazi awo anatha ola lathunthu akutsuka mankhusu m'mimba mwa nsomba, manja akuyabwa, ndipo fanta ija ndiiwale.

Sindinagwe mphwayi. Ndinayamba kupala mamba ndi kutumbula ndekha, n'kuika nsomba ndi ayisi m'majumbo awiri omanga bwino, mankhusu kunja kuzungulira. Mayi Hajara, oluka mlaza kuseri kwa msika, ndinawapempha andilukire madengu ang'onoang'ono okhala ndi chivundikiro, oti akwane pansi pa mpando. Ndisanagulitse kwa munthu ndinafuna ndione ndi maso anga. Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe dengu lili pamiyendo, n'kubwerera nalo tsiku lomwelo. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati m'dengumo muli zovala.

Nditafika ndinalitsegula pamaso pa Happy. Mukudziwa kuti iye ndi wophika ku hotela, mphuno yake sinyengeka. Ayisi anali akadalimo. Anainunkhiza nsombayo, anaidina ndi chala, anaikazinga, n'kuidya. Atamaliza anandifunsa kuti ntchito ndisiya liti.

Mpunga, mphasa ndi tomato zija ndinazisiya. Ndinaona kuti munthu wogulitsa zonse palibe chimene amadziwika nacho. Lero mukafika pa Senga Bay n'kufunsa za mtsikana wa madengu, wakabaza aliyense akubweretsani pakhomo.

Ndinaphunziranso kuti tsiku limodzi likhale la ntchito imodzi. Ku loji ndinkathamanga tsiku lonse, uku wakuitana, uku wakuitana, madzulo osadziwa chimene wachita. Pano Lolemba ndimazungulira mahotela kuona kumene kwafika misonkhano. Lachiwiri ndi la mankhusu ndi madengu. Lachitatu ndimapuma, ndimachapa, ndimapita ku kwaya, ndipo foni ya bizinesi ndimaisiya m'kabati. Lachinayi ndimamva amene akufuna nsomba, kenako ndimakauza a Latif.

A Latif ndi eni bwato, bambo a ndevu zoyera, opemphera kwambiri. Amandisungira nsomba za Lachisanu m'mawa chifukwa ndimawauziratu, ndipo sindinawakhumudwitsepo. Ndikawafunsa ngati mawa zipezeka, yankho lawo ndi Inshallah basi. Ndimawauza kuti Inshallah ndamulandira, koma abwere ndi chambo chomwe. Amaseka, amati mwana wa Chikhristu uyu adzawaphetsa.

Tsopano ndifike pa zimene munamva. Lachinayi ndinkaimbira madalaivala mmodzimmodzi, ndipo ena ndinkakawapeza pansi pa mtengo paja. Apa m'pamene ndinapusa, Amalume. Sindinaganize kuti nambala ya mtsikana wa ku Salima, yoimba sabata iliyonse pafoni ya mwamuna wa mwini, imaoneka bwanji kunyumba kwake. Inu munali dalaivala zaka makumi awiri, mukudziwa zimene anzanu ena amachita m'maulendo. Za inuyo sindikufunsani, azakhali angawerenge kalatayi.

Mu Epulo, Lachinayi lina masana, ndili poimika magalimoto ndinangoona mayi wonenepa akutsika pakabaza, chitenje atamanga m'chiuno. Anafunsa kuti Molly wa ku Salima ndi uti. Nditayankha anandigwira bulauzi pakhosi, n'kuyamba kukuwa. Mayina amene ananditchula sindingawalembe kwa inu. Anali mayi Lydia, akazi a a Christopher, atachita kukwera minibasi kuchokera ku Kawale. A Christopher anathawira kuseri kwa basi, bambo wamkulu ngati amene uja.

Anthu anadzaza, ena akujambula pafoni. Zimene zinafika kwa inu ndi kwa anthu a ku Chinguluwe ndi zimenezo. Koma wojambulayo anazimitsa foni msanga, zotsatira zake sanazione.

Manyazi anandigwira, mtima unkafuna ndibwezere. Koma ndinaganiza kuti mayiyu wawononga tsiku lake ndi ulendo wautali chonchi chifukwa cha ine, ndiye kuti ndine ndinasiya mpata. Ndinawapatsa foni yanga m'manja, ndinati awerenge mauthenga onse. Kenako ndinawapempha kuti tipite kwathu akaone chimene ndimaimbira amuna awo, akapeza china andimenyere komweko pamaso pa amayi.

Anabwera, akupumira m'mwamba njira yonse. Anapeza mlongo wanu akusoka matumba a mankhusu, madengu ataunjikana pakhonde. Anawerenga mauthenga aja, onse a chambo zingati, kampango alipo kapena ayi. Amayi anawapatsa madzi, anamwa.

Mukuganiza anapepesa? Ayi ndithu, anayamba kundikalipira za nsomba. Anati ndiye ndiwe umatumiza zinsomba zikuluzikulu zosakwana m'poto mwanga? Anati mwamuna amasankha nsomba yoti anthu amuone nayo, sadziwa kuti pakhomo pali ana asanu ofuna aliyense yake. Anati ungafunse bwanji munthu amene sanagwirepo chikombe cha mafuta kuti akufuna nsomba yotani?

Ndinkadziona wochenjera kuti ndadumpha bwana n'kupeza dalaivala, osadziwa kuti ndaima panjira. Mwini nsomba ndi amene amaiphika. Ndinatenga kope, ndinawapempha mayi Lydia kuti anene zonse zimene zimawanyansa. Ananena mpaka tiyi anazizira. Anati ena amafuna yodula kale, ena mitu payokha ya msuzi, ndipo dengu lizibwerera kuti lisamadzaze m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo sindiimbiranso mwamuna wa munthu. Dalaivala watsopano akafuna dengu, ndimamuuza kuti andipatse nambala ya akunyumba, ndilankhule nawo okha. Ena amadabwa, ena amakana, ndipo okanawo ndimawasiya apite. Mabwana nawonso anayamba kupereka manambala a akazi awo ataona kuti dengu la dalaivala likufika bwino kuposa nsomba zawo za pagalasi. Poimika magalimoto ndimapitapo Lachisanu lokha, kukapereka madengu, ndipo ndimapita ndi Sharon. Nayenso anasiya ku loji, tikugwira limodzi.

Mayi Lydia lero ndi amene amandisonkhanitsira amayi a ku Kawale ndi a kumpingo kwawo. Madengu awo amapita Loweruka pa minibasi. Ndikudziwa mufunsa, choncho ndiyankhiretu: m'galimoto ya kuntchito simulowa dengu la munthu amene sanakweremo. Munkanena kuti dalaivala amachotsedwa ntchito chifukwa cha katundu wa eni, ndipo sindifuna mwana wa munthu agone ndi njala chifukwa cha ine.

Nyanja ikatsekedwa, chambo sindigwira. Chaka chatha miyezi imeneyo ndinkalira nayo, koma chaka chino amayi omwewo andiuza kale kuti adzafuna mpunga wa ku Lifuwu wopetapeta. Sindinawapemphe, anena okha. Munthu akakukhulupirira pa chimodzi amakufunsa yekha chachiwiri.

Denga la nyumba ya mlongo wanu lija munkadandaula nalo, pano ndi la malata. Mayi Hajara aitana azibale awo awiri kuti aziwathandiza kuluka. Sindikudzitama, koma sindinganamenso kuti zinthu zikuvuta pomwe zikuyenda. Ndine wosangalala, Amalume. Ndikadzuka m'mawa ndimadziwa chimene ndidzukira.

Amalume ake a Happy anabwera sabata yatha. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, n'kunena kuti njira yachidule ilipo. Anati ndisiye za madenguzi, ndibwerere ku loji kapena ndikalime nawo mpunga ku Chinguluwe, ndipo iwo akuimbirani kuti mwana wasintha. Anati mukamva zimenezo mubwera.

Ndinawagwadira, ndinawathokoza, ndipo ndinakana. Ndinati ndikasiya lero ndiye kuti ndavomera kuti zimene anthu ananena zinali zoona. Happy anali pomwepo. Anawauza amalume ake kuti iye akufuna Molly wa madengu yemweyu, wina sakumudziwa. Koma ndi mwana wa mwambo, sangakwatire modumpha akuluakulu ake, ndipo inenso sindingafune kuti atero.

Ndiye pempho langa ndi ili. Sindikuti mundikhulupirire chifukwa cha kalata, poti ndinakunamizanipo kale. Bwerani mudzaone nokha. Mufike Lachinayi, mugone kwa mlongo wanu, Lachisanu mudzakhale pansi pa mtengo paja ndi madalaivala anzanu. Musadzanene kuti ndinu ndani. Mudzawafunse za mtsikana wa madengu monga amafunsirana amuna, mudzamve zimene adzayankhe. Mukadzamva choipa ngakhale chimodzi, mudzakwere basi osandilonjera, ndipo sindidzakuvutitsaninso.

Mayi Lydia atamva kuti mwakana, anapsa mtima kuposa tsiku lija. Anati vutoli analiyambitsa ndi iwo, ndiye alikonza okha. Anati a Christopher adzavala jekete n'kudzaima ngati nkhoswe yanga, ndipo msoti wopereka kuchimuna agula iwo. A Christopher anavomera, kaya mwa kufuna kwawo kaya mwa mantha, sindikudziwa.

Ndinawathokoza, koma ndinawauza kuti ayi. Ndinati ine si mwana wotola. Ndinati amalume ndili nawo, a Joseph a ku Nchalo, amene anandilipirira sukulu bambo atamwalira, ndipo tambala adzalandira ndi iwowo. Anandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza. Ndinati adzabwera.

Ndanena zimenezi pamaso pa anthu, Amalume. Bodza loyamba lija ndinanama ndekha. Ili musandinamitse ndinu.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti dengu limene labwera ndi kalatayi ndi lawo, kampango ndamudula kale. Moni kwa Takondwa ndi Beauty, alimbikire sukulu. Amayi akuti moni, akuti mphasa yanu ayanika kale. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo kuti mukwere basi.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Molly.